Makope awiri a wophunzira mmodzi: nkhani ya mnyamata wa atachimenti m'chipinda cha injini

Ndine chifu injiniya pa sitima ina yonyamula katundu pa Nyanja ya Malawi. Kampani ikafuna kutenga ophunzira a atachimenti kapena kulemba ntchito injiniya watsopano, amandiitana kuti ndikakhale nawo pofunsa mafunso, ndipo amene atengedwawo amadzagwera m'manja mwanga. Nkhani ndikulembayi ndi ya mnyamata mmodzi amene tinamutenga akadali pa sukulu, tinatsala pang'ono kumubweza ndi kalata yoipa, koma pambuyo pake tinamulemba ntchito. Dzina lake, la sitima ndi la kampani sinditchula. Ndikulembera makamaka anzanga amene mumasaina mabuku a ophunzira, chifukwa pamene nkhaniyi inapotokera panali pa siginecha yanga.

Mainjiniya a sitima m'dziko muno tilipo ochepa, ndipo ambirife imvi zatiyamba kale. Achinyamata alipo. Ena amaphunzira za pamadzi ku Monkey Bay, ena amachita za makina m'makoleji ndi m'mayunivesite. Koma za m'kalasi zokha sizipanga munthu kukhala injiniya wa sitima. Pangano la mayiko lotchedwa STCW, lomwe linakhazikitsidwa mu 1978 n'kukonzedwanso mu 1995 komanso ku Manila mu 2010, limati wofuna kulondera injini za mphamvu yoyambira 750 kW akhale atatha miyezi 12 pa ntchito ya m'shopu ndi ya m'sitima pa maphunziro ovomerezeka, ndipo pa miyezi 6 akhale akulondera injini moyang'aniridwa ndi chifu kapena injiniya wa satifiketi, zonse zikulembedwa m'buku lake la maphunziro. Panganoli analembera sitima za pa nyanja zamchere, koma pa kampani pathu tinkati ndilo muyeso wathu. Mawu oti "moyang'aniridwa ndi injiniya wa satifiketi" muwasunge, tibwererako.

Ndipo nyanja yathuyi si thamanda. M'litali imaposa makilomita 550, chakumpoto imazama pafupifupi mamita 700, ndipo mwera ukayamba m'miyezi yozizira mafunde ake amamugwetsa munthu pa makwerero. Aliyense wa ife anamvapo za Vipya, imene inamira mu 1946 ndi anthu 145. Sitima zambiri pano ndi zakale. Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda mu 1951. Makina a msinkhu wotere amayenda chifukwa pali munthu amene akuwayang'ana ola lililonse n'kulemba zoona.

Momwe tinamutengera

Chaka chimenecho malo a atachimenti anali amodzi okha. Makalata anabwera 12, tinaitana anayi. Mafunso athu anali omwe aja a masiku onse: afotokoze mmene injini ya dizilo imagwirira ntchito, atchule njira imene madzi oziziritsa amadutsa, anene chimene angachite moto utabuka. Mnyamatayu anayankha bwino kuposa anzake, koma chimene chinatikoka kwambiri chinali khalidwe lake. Ankalandira pepala ndi manja awiri, polankhula maso ali pansi. Mkulu woona za antchito anati, "Mwana waulemu uyu, sativuta." Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza. Panalibe funso ngakhale limodzi loyesa ngati mwanayu angathe kutsutsa wamkulu pamene makina akunena zina. Tinkafuna mwana wosavuta, chikhalirecho chipinda cha injini chimafuna munthu amene angakudzutse pakati pa usiku osaopa nkhope yako.

Kalata yomwe tinamupatsa inangotchula tsiku loyamba, tsiku lomaliza ndi alawansi yake. Sinatchule womuyang'anira. Nthawi imeneyo injiniya wachiwiri anali atasiya ntchito miyezi iwiri m'mbuyomo, malo ake osadzazidwa, choncho mashifiti tinkasinthana awiri, maola 6 aliyense: ine ndi bambo wina wachikulire, motorman wathu, wothandiza kusamala injini, amene tonse tinkawatcha madala. Wophunzirayo ndinamuika pa shifiti ya madala, ya 12 mpaka 6. Ndinadziuza kuti akawathandiza kunyamula zolemera, komanso aphunzira zambiri kwa munthu amene wakhala pa nyanja zaka zoposa 30. Zonsezo zinali zoona. Koma madala analibe satifiketi, ndipo kuphunzitsa mwanayo sinali ntchito yawo. Inali yanga.

Za madala ndinenepo pang'ono, chifukwa sindifuna kuti muwaone ngati munthu woipa. Anayamba ntchito ali mnyamata wopukuta oyilo. Khutu lawo ndi lodabwitsa: amagunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chili pa khutu, n'kukuuza injekita, kachipangizo kopopera dizilo mu silinda, imene yayamba kudontha. Chimene chinkawavuta n'cholembera. Logibuku yathu, buku lolembamo mmene injini ikuyendera pa shifiti iliyonse, ndi ya Chingerezi, ndipo atangoona kuti kwabwera mwana wa sukulu anamupatsa bukulo ndi mtima wonse. Mwezi woyamba mnyamatayo anautha akupala dzimbiri, kutunga madzi akuda pansi pa injini ndi kulemba logibuku. Buku lake la maphunziro linali loyera, ndipo ine sindinalifunse.

Injini itasiya kudya oyilo

Sitima yathu ili ndi injini zazikulu ziwiri, iliyonse ya masilinda 6. Madzi oziziritsa injini amazungulira m'njira yotsekeka, ndipo iwonso amaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja mu cooler. Pamwamba pali kathanki kowonjezerera madzi. Silinda iliyonse ili ndi layina, chitsulo chonga paipi momwe pisitoni imayenda, imene kunja kwake imakhudzana ndi madziwo, ndipo chakumunsi kwa layina kuli mphete za mphira, ma O-ring, zotchinga kuti madzi asatsikire mu sampu momwe muli oyilo.

Injini yakale imadya oyilo, aliyense amadziwa. Ya kumanzere tinkaithira malita angapo pa ulendo uliwonse. Ndiye pa ulendo wina wa mu Julaye inangosiya. Madala anakondwa, anati injini yakhazikika. Pa masiku omwewo kathanki ka madzi ka injini yomweyo kanayamba kutsika, ndipo iwo ankakadzaza ndi chigubu mbandakucha uliwonse asanandisiyire shifiti. Ine ndikatsika 6 koloko ndinkapeza thanki yodzaza, pulesha ya oyilo ili bwino, kutentha kuli bwino. Mu logibuku, pa mzere wa oyilo wa mu sampu ndi pa mzere wa thanki ya madzi, tinali ndi chizolowezi chongochonga, osalemba nambala. Ndinkaona zochonga zili ndondondo, n'kusaina. Dipstick, kachitsulo koyezera kuchuluka kwa oyilo mu sampu, ndinali nditawasiyira madala kalekale.

Madzi akutha kumwamba, oyilo osatsika pansi. Injiniya aliyense ataziona ziwirizi pamodzi sangagone. Ine sindinazione pamodzi chifukwa buku lathu linalibe poti zikumanirane.

Tinafika ku Chilumba, tinatsitsa simenti, tinapakira matumba a mpunga n'kuyamba kubwerera. Tinadutsa Nkhata Bay usiku, mwera uli kutsogolo. Cha m'ma 2 koloko alamu inalira. Ndinatsika ndili ndi kabudula yekha. Pulesha ya oyilo pa injini ya kumanzere, imene imakhala pa 4 bar, inali itatsika kufika pa 2.5 ndipo singano inkagwedera. Nditasolola dipstick, oyilo anali atapitirira mzere wapamwamba ndi zala ziwiri, mtundu wake ngati tiyi wamkaka. Ndinawaimbira a kaputeni kuti ndikuzimitsa injiniyo pomwepo. Anafunsa ngati singapirire mpaka kutacha. Ndinati ikapirira ola limodzi crankshaft, chitsulo chachikulu chimene mapisitoni amazunguza, tiiiwale.

Ndi injini imodzi, sitima yodzaza katundu inkangolimbana ndi mafunde osapita patsogolo kwenikweni. A kaputeni anaganiza zobwerera ku Nkhata Bay. Potembenuka, mafunde anatimenya m'mbali katatu, mapoto onse a kukhitchini anagwa, ndipo ndinaona mnyamata uja atakumbatira chitsulo cha makwerero, nkhope itayera. Tinafika pa doko dzuwa litatuluka, wina aliyense wamoyo.

Tsiku limenelo tinalitha tikufufuza. Ndinadontheza oyilo pa chitofu chotentha, anathetheka ngati usipa wauwisi m'mafuta: madzi. Poyamba ndinakayikira cooler ya oyilo, koma titaiyesa ndi pulesha inali yabwinobwino. Tinadzaza madzi m'njira yoziziritsira, tinapopera pulesha, tinatsekula zitseko za m'mbali mwa injini, ndipo ndinagona chagada ndi tochi n'kumayang'ana silinda imodzi imodzi. Pa silinda ya nambala 4, m'mphepete mwa layina, dontho linkatupa pang'onopang'ono, n'kugwa, lina n'kuyamba.

Kakope

Usiku umenewo ndili m'chipinda mwanga kulemba lipoti, ndinamva kugogoda. Anali mnyamata uja, atagwira kakope ka ana a pulayimale kodetsedwa ndi girisi.

"Bwana, pali zimene ndikufuna muone."

Munali masiku 9. Tsiku lililonse analemba ola, malita a madzi amene athiridwa m'kathanki, ndipo pambali anajambula dipstick ndi kamzere kosonyeza pamene oyilo afika. Malita anayamba 2, 2, kenako 3, 3, mpaka 6 pa tsiku lomaliza. Kamzere ka oyilo kankakwera pang'onopang'ono tsamba ndi tsamba. Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi analemba kuti pansi pa chivindikiro chothirira oyilo pali zoyera ngati chambiko. M'mphepete mwa tsamba la tsiku lachitatu munali mawu ochepa a Chingerezi ofunsa ngati madzi akulowa mu oyilo, atawalemba mzere kunsi kawiri. Mwana wa zaka 22 anali atapeza vutolo masiku 6 alamu isanalire. Ndipo dzanja lomwelo, pa masiku omwewo, linkachonga mu logibuku kuti zonse zili bwino.

"Mwana wanga, zimenezi unamuuza ndani?"

"Ndinawauza madala tsiku lachitatu, bwana. Anati injini imeneyi anaidziwa ine ndisanabadwe, ndizilemba zimene timalemba masiku onse."

"Nanga ine? Si timadyera pa tebulo limodzi?"

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Zikanaoneka ngati ndikuwanenera akuluakulu. Komanso inu mukafuna kudziwa ngati ndikugwira bwino ntchito, mumafunsa iwowo."

Ndinalibe choyankha, chifukwa zinali zoona. Pa masabata 7 amene anakhala m'sitimamo, funso lokha limene ndinkafunsa linali lopita kwa madala: "Mwanayu ali bwanji?" Iye mwini sindinakhale naye pansi ngakhale kamodzi. Tsogolo lake lonse linali pa siginecha yanga, ndipo njira yokha yofikira pa siginechayo inkadutsa mwa munthu amene anamuuza kuti atseke pakamwa.

Achoke kapena akhale

Ku ofesi kunali moto. Mpunga unayenera kupakiridwa m'malole n'kudzera msewu wa M5, sitima itaima, ndalama zikutuluka. Atamva za kakopeko, a manejala anati nkhani yatha: mwanayu ankadziwa, anabisa, analemba zabodza m'buku la sitima. Achoke lero, ndipo ku sukulu kwake kupite kalata. Sindingati analakwitsa kukwiya. Kulemba zabodza mu logibuku ndi mlandu waukulu pa ntchito yathu, ndipo injiniya wa satifiketi atachita zimenezo sindingamuikire kumbuyo.

Ndinapempha kuti tidikire mpaka titasolola layina, komanso kuti mnyamatayo amvedwe kaye. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limati wantchito asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Wina anati zimenezo n'za antchito, uyu ndi wa atachimenti chabe. Ndinati ngati timamupatsa logibuku ya sitima kuti alembe, tingathenso kumupatsa mpando kuti alankhule.

Layina itatuluka inafotokoza zambiri. Kunja kwake, mbali imodzi, kunali timabowo tambirimbiri ngati chimanga chodyedwa ndi anankafumbwe, ndipo tina tinali titafika pamene pamakhala ma O-ring. Mphirazo zinali zitauma gwaa, imodzi inathyoka m'manja mwanga. Timabowo totere timabwera chifukwa layina imanjenjemera pisitoni ikamayenda, timathovu timapangika m'madzi n'kumaphulika pa chitsulo, ndipo zimafulumira ngati madziwo alibe mankhwala oteteza. Ife kwa zaka tinkangothira madzi otunga m'nyanja, mankhwala osagula, madzi osayeza. Matendawa anayamba mnyamatayo ali ku sekondale.

Koma panalinso mbali ina imene sindinafune kuibisa. Layina ya sipeya ndi ma O-ring tinali nazo m'sitolo yathu. Tikanadziwa pa tsiku lachitatu, tikanasintha pa doko masiku awiri, kusintha oyilo, n'kupitiriza ulendo. Zimene tinalibe ndi mabering'i, tizitsulo timene crankshaft imatsamirapo pozungulira. Oyilo wosakanizika ndi madzi sagwira chitsulo, ndipo titatsekula tinapeza mabering'i atakalika, ena atasupuka pamwamba. Crankshaft titaiyeza ndi micrometer inali ikadali m'malire, mwamwayi. Mabering'iwo anachokera ku South Africa, ndipo ndi kuvuta kwa ndalama zakunja anatenga masabata atatu. Masabata atatu amenewo ndiwo anali mtengo wa kukhala chete kuja.

Pa msonkhano ndinanena chonchi. Chimene n'chovuta kuphunzitsa munthu ndi diso, ndipo mwanayu ali nalo: palibe anamuuza kuti ayeze malita kapena ajambule dipstick. Chachiwiri, kakopeko akanatha kukaponya m'nyanja usiku womwe uja, palibe akanadziwa, ndipo mlandu wonse ukanagwera madala ndi ine. Anakabweretsa yekha akudziwa kuti kamumanga. Chimene chinamusowa ndi njira yolankhulira komanso mtima woigwiritsa ntchito, ndipo njirayo ndi ife amene sitinamupatse. Tikamuthamangitsa, wophunzira aliyense wobwera pambuyo pake adzamva nkhaniyi, ndipo chimene adzatolepo n'choti ukaona kanthu usalembe paliponse. Mutu ukakula sulewa nkhonya, choncho mu lipoti langa ndinalemba poyera kuti ndinaika wophunzira pa shifiti yopanda injiniya wa satifiketi ndipo ndinkasaina logibuku osayeza ndekha. Chenjezo linabwera kwa ine, ndipo ndinalilandira.

Mnyamatayo sitinamusiye wopanda chilango. Analandira chenjezo lolembedwa. Titagwirizana ndi aphunzitsi ake, tinawonjezera atachimenti yake ndi miyezi itatu, ndipo ndinamuuza kuti masabata 7 oyambawo sindiwawerengera ngati nthawi yolondera injini, chifukwa sinali. Ntchito yonse yokonza anaigwira pambali panga: kutsuka sampu, kupukuta njira za oyilo, kupaka sopo pa ma O-ring atsopano kuti asapotoke polowetsa layina, kumanga mabawuti ndi torque wrench mwa ndondomeko yake. Ndinamugwiritsa bering'i yokalikayo kuti ayendetsepo chikhadabo. Sindinawonjezere mawu.

Kulankhula ndi madala kunali kovuta kuposa zonse. Ndinawatengera kumtunda, kutali ndi anyamata. Poyamba anapsa mtima, anati mwanayu wawavula pagulu. Ndinati, "Madala, amene wakuvulani si mwanayu, ndi buku lathu lomwe linalibe poti mulembe chigubu chanu." Kenako ananena chimene sindinkachidziwa: ankaopa kuti akanena kuti injini ikumwa madzi, ku ofesi aziti akalamba, sakusamala makina, apume. Nawonso anali ndi mantha awo. Analandira chenjezo, anakhalabe pa ntchito, ndipo ndinawapempha kuti amuphunzitse mnyamatayo kumvetsera injini ndi sikuludiraiva. Anachita zimenezo, ngakhale kuti kwa mwezi wathunthu ankalankhula naye za ntchito zokha.

Zina tinazisintha mosavuta. Logibuku tinaisindikizanso: palibenso pochonga, paliponse pamafuna nambala, ndipo mzere wa madzi othiridwa uli moyandikana ndi wa oyilo. Madzi oziziritsa timathira mankhwala n'kumawayeza sabata iliyonse. Kalata ya wophunzira imatchula dzina la injiniya womuyang'anira, ndipo salondera popanda injiniyayo. Chimene ndimachiona chofunika kuposa zonsezi n'chaching'ono: tsiku lililonse ndimakhala ndi wophunzira mphindi 15, awiriwiri, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti, "Waona chiyani lero chimene sichinakusangalatse?" Akati palibe, ndimamutuma kuti akayang'anenso.

Atamaliza sukulu

Patapita chaka ndi miyezi, kampani inalengeza malo a injiniya wamng'ono. Iye anali atamaliza maphunziro ndipo analembera. Tinaitana asanu. Ndinauza anzanga kuti mnyamatayu ndikumudziwa kwambiri moti sindingamupatse malikisi mwachilungamo, choncho pa iye ndinangopereka lipoti lolembedwa, lokhala ndi zonse: masiku 9 aja, chenjezo, ndi mmene anagwirira ntchito pambuyo pake.

Intaviyu tinali titaisintha. Kuwonjezera pa mafunso, aliyense tinkamutengera ku shopu kumene jenereta ikulira, n'kumupatsa pepala loti alembe zimene mageji akuonetsa. Pa pepalalo panali kale manambala a maola am'mbuyo amene tinawalemba dala mosiyana ndi geji ya kutentha kwa madzi, ndipo makanika wachikulire ankadutsa n'kunena kuti, "Ingokopera pamwambapo, geji imeneyo imanama." Mwa anayi enawo, awiri anakopera. Mmodzi analemba zoona n'kukhala chete. Mtsikana wina analemba zoona, kenako anafunsa mwaulemu ngati pali choyezera china choti atsimikizire kuti gejiyo ikunamadi. Mnyamata wathu anachitanso chimodzimodzi, koma kwa iye mayesowa sanali atsopano, ndipo ndinawauza anzanga kuti asawawerengere kwambiri.

Mkangano unali pakati pa awiriwa. Ena anati munthu wa chenjezo m'faelo sangapose wopanda banga. Ena anati uyu sitima akuidziwa, nthawi yake yolondera yakwana, ndipo kulakwa kwake tikukudziwa pamene kwa wina sitinakuone. Anasankha mnyamatayo, makamaka chifukwa tinkafuna munthu woti alowe pa shifiti msanga. Mtsikanayo ndinapempha kuti timutenge ngakhale pa kontirakiti yaifupi, koma ndalama panalibe, ndipo pamene malo ena anapezeka anali atapeza kale ntchito kwina. Mpaka lero ndimamudandaula. Makampani athu amataya anthu otere chifukwa timalemba ntchito pokhapokha wina akasiya.

Lamulo limalola nthawi yoyeserera mpaka miyezi 12 kwa wantchito waluso. Ife tinamupatsa 6. M'mwezi wachiwiri, tili pakati pa Nkhotakota ndi Chipoka, anandidzutsa 3 koloko usiku. Utsi wa silinda ya nambala 2 pa injini ya kumanja unkaonetsa kutentha madigiri 60 kuposa anzake. Anali atapempha kale a kaputeni kuti achepetse liwiro. Ndinatsika, ndinamvetsera, injini inkalira bwino. Ndinamuuza kuti asinthanitse choyezera kutentha cha silinda imeneyo ndi cha nambala 3. Kutentha kunasamuka ndi choyezeracho. Injini inalibe vuto.

Ndimaona kuti m'mawa wa tsiku limenelo ndi pamene nkhani yonseyi inagamulidwa. Pa tebulo la tiyi anyamata anayamba kumuseka, ati wadzutsa bwana ndi kuchedwetsa sitima chifukwa cha kachitsulo kakufa. Ndinamuona akubwerera m'chigoba chake chakale, maso pansi. Ndinaika kapu pansi n'kunena pamaso pa onse kuti wachita zimene ndimafuna, ndipo aliyense woona zotere andidzutse ngakhale kakhumi. Madala, amene sindinkayembekeza kuti alankhula, anawonjezera kuti, "Akanadzutsa bwana chonchi ulendo uja, bwenzi tisanagone ku Nkhata Bay masabata atatu." Kuseka kunathera pomwepo. Anzanga, wophunzira akakudzutsani pachabe, nkhope imene mumuonetse usiku umenewo ndiyo idzanene ngati adzakudzutseninso tsiku limene kuli vuto lenileni.

Zinabweretsa vuto lina, sindibisa. Kwa milungu ingapo ankandidzutsa pa chilichonse, ngakhale kudontha kwa paipi ya madzi akumwa, mpaka ndinayamba kutopa pa shifiti yanga. Sindinamuletse. Tinakhala pansi n'kulemba limodzi malangizo a tsamba limodzi: zimene ayenera kuchitapo kanthu nthawi yomweyo n'kundiitana, monga kutsika kwa pulesha ya oyilo, utsi kapena fungo la moto ndi madzi okwera pansi pa injini, zimene ayambe watsimikiza yekha ndi choyezera china, ndi zimene angalembe n'kundiuza m'mawa. Tsambalo tinalimata pafupi ndi foni ya m'chipinda cha injini. Pofika mwezi wachisanu ankandiitana mwa apo ndi apo, ndipo akaitana ndinkathamanga.

Miyezi 6 itatha anamutsimikizira ntchito. Pano amalondera yekha shifiti ya 12 mpaka 6. Madala anapuma chaka chatha, ndipo sikuludiraiva yawo yaitali ija anamusiyira iyeyo. Layina ya nambala 4 sitinaitaye, ili pakona m'shopu, ndipo wophunzira amene tili naye panopa, tsiku lake loyamba, mnyamata uja anamutengera pomwepo kuti alowetse chikhadabo m'timabowo tija, n'kumufotokozera yekha nkhani yonse osachotsapo mbali yake. Sabata yatha kathanki ka injini ya kumanja kanamwa theka la lita. Mu logibuku mwalembedwa 0.5 ndi dzanja la wophunzira watsopanoyo, oyilo wa mu sampu sanasunthe, ndipo tikukayikira pampu ya madzi. Tikaima pa doko Lachisanu tiitsekula.